Mmene Madokotala Adaphunzirira Kusamalira Anthu Ovulala Msana

Ntchito yophunzitsa madokotala kusamalira anthu ovulala mtsempha wa mumsana ndi yatsopano poiyerekeza ndi nthambi zina za udokotala, pakuti zaka 100 sizinakwane chiyambire pamene zipatala zidayamba kuona wovulala wotere ngati munthu amene angakhale ndi moyo nthawi yaitali, kubwerera kwawo ndi kukagwiranso ntchito. Mtsempha umene ukunenedwa pano si wa magazi ayi, koma ndi chingwe chofewa, chonenepa ngati chala chaching'ono, chimene chimachokera ku ubongo n'kutsika mkati mwa mphako ya mafupa a msana, ndipo m'menemo ndi mmene mumadutsa mauthenga apakati pa ubongo ndi thupi. Chingwechi chikaphwanyika, ziwalo za kumunsi kwa pamene pavulalapo zimafa: munthu akavulala pakati kapena kumunsi kwa msana imafa ndi miyendo, zimene achipatala amazitcha paraplegia, ndipo akavulala m'khosi manja nawonso amafa, zimene amazitcha tetraplegia. Anthu ambiri amaona miyendo yokhayo, koma pamodzi ndi miyendo munthuyo amataya mphamvu yolamulira chikhodzodzo ndi matumbo, khungu lake limaleka kumva kuwawa, ndipo thupi limalephera kulongosola bwino thukuta ndi kuthamanga kwa magazi. Zimene zinkapha ovulala msana kwa zaka mazanamazana zidali zobisikazi, ndipo mbiri ya maphunziro a madokotala pa nkhaniyi ndi mbiri ya mmene dokotala adavomerezera kuti mkodzo, chimbudzi ndi khungu la wodwala ndi ntchito yake.

Chiphunzitso chakale kwambiri chimene chilipo pa nkhaniyi chili mu mpukutu wa ku Egypt wolembedwa zaka pafupifupi 1600 Khristu asanabadwe, umene umadziwika ndi dzina la Edwin Smith, munthu wa ku America amene adaugula ku Luxor mu 1862. Mpukutuwo umafotokoza za ovulala 48, ndipo pa munthu amene fupa lake la m'khosi lagulukira, manja ndi miyendo n'kufa, mkodzo n'kumangotuluka wokha, wolembayo amalangiza wophunzira wake kuti vuto lotero asalimbane nalo. Malangizowo adali oona mtima pa nthawi yake, ndipo chodabwitsa n'chakuti mpaka pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, zimene madokotala achinyamata ankamva kwa aphunzitsi awo sizidasiyane kwenikweni ndi zimenezo. Harvey Cushing, dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku America amene adatumikira pa nkhondoyo, adalemba kuti mwa asilikali 100 alionse ovulala mtsempha wa mumsana, pafupifupi 80 ankamwalira m'masabata ochepa oyambirira. Ku London, George Riddoch ndi Henry Head adafufuza mosamala mmene chikhodzodzo cha ovulala otere chimagwirira ntchito, kotero kuti nzeru zina zidalipo ndithu, koma zidali zomwazikana: wodwala mmodzi ankaonedwa ndi dokotala wa mafupa lero, wa chikhodzodzo sabata yamawa, wa ubongo nthawi ina, ndipo panalibe mmodzi mwa iwo amene ankamuona ngati wake. Bedi lake linkakhala kumapeto kwa wodi, kumene madokotala poyendera odwala ankangodutsa mofulumira.

Woyamba kusonyeza kuti zinthu zingasinthe adali Donald Munro, amene mu 1936 adapatula mabedi 10 pa chipatala cha Boston City ku America kuti akhale a ovulala msana okhaokha, ndipo adalimbikira kuti dokotala mmodzi aziyankha pa zonse zokhudza wodwalayo. Komabe malo amene adasanduka sukulu ya dziko lonse lapansi adali ku England, m'manja mwa munthu wothawa kwawo. Ludwig Guttmann adabadwa mu 1899 ku Tost, m'dera la Silesia limene pa nthawiyo lidali mbali ya Germany, ndipo mu 1917, asanayambe n'komwe maphunziro a udokotala, adadzipereka kuthandiza pa chipatala cha anthu ovulala pa ngozi ku Königshütte, kumene adaona mwamuna wamphamvu wa mumgodi wa malasha, wothyoka msana, akufooka ndi kumwalira m'masabata asanu chifukwa cha tizilombo tolowa m'magazi kuchokera m'zilonda ndi mumkodzo. Kuyambira 1924 adaphunzira ntchito ku Breslau pansi pa Otfrid Foerster, katswiri wa matenda a mitsempha amene ankakhulupirira kuti wodwala wa mitsempha ayenera kuchititsidwa mafizo mosalekeza ndiponso kupimidwa mobwerezabwereza mpaka dokotala atadziwa mnofu uliwonse umene ukugwira ntchito. Mu 1933 boma la Hitler lidamuchotsa ntchito chifukwa adali Myuda, ndipo adasamukira ku chipatala cha Ayuda mumzinda womwewo, chimene adadzakhala mkulu wake. Mu Marichi 1939 adafika ku Oxford ndi banja lake, kumene adakhala zaka zinayi akuchita kafukufuku wa mitsempha m'dipatimenti ya Hugh Cairns, koma wosapatsidwa odwala akeake.

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene boma la Britain linkakonzekera kutumiza asilikali ake ku France, lidadziwa kuti ovulala msana abwera ochuluka, ndipo Riddoch uja, amene tsopano adali mlangizi wa boma, adapempha Guttmann kuti atsegule wodi yapadera. Guttmann adavomera pokhapokha atapatsidwa ufulu wochita zinthu m'njira yake popanda womulowerera. Wodiyo idatsegulidwa pa 1 Febuluwale 1944 pa chipatala cha Stoke Mandeville, pafupi ndi tauni ya Aylesbury, m'nyumba yongoyembekezera ya mabedi osakwana 30, ndipo popeza padalibe namwino kapena dokotala aliyense wophunzitsidwa kale ntchitoyi, kuchiza ndi kuphunzitsa kudayambira limodzi pa tsiku loyamba.

Phunziro loyamba lidali la khungu. Munthu wabwinobwino akagona amatembenuka kangapo usiku iye osadziwa, chifukwa khungu lopanikizika pakati pa fupa ndi matiresi limatumiza uthenga wa kuwawa, koma wovulala msana uthengawo saumva, kotero kuti magazi amaleka kufika pamalopo ndipo mnofu umayamba kufa m'maola ochepa chabe. Choyamba kuoneka ndi kadontho kofiirira pa chidendene, m'mbali mwa chiuno kapena kumunsi kwa msana, kamene sikasintha mtundu ngakhale munthu atakadina ndi chala. Pakapita masiku kadonthoko kamaboka, ndipo pansi pake pamapezeka dzenje lamafinya lofika pafupa, limene limatha madzi ndi chakudya cha m'thupi mpaka wodwala kuwonda ndi kufa. Madokotala a nthawiyo adazolowera kugoneka wothyoka msana m'chikhakha chachikulu choumbidwa motsata thupi lake kuti fupa lisasunthe, ndipo Guttmann adaletsa mchitidwewu kotheratu ataona zilonda zimene zinkabisala pansi pa chikhakhacho. M'malo mwake adalamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, chagada, kenaka cham'mbali, kenaka mbali inayo, anthu angapo akumunyamula pamodzi kuti msana ukhale wowongoka, ndi kuika mapilo mwakuti mafupa otulukira kunja asakhudze pogona. Ntchitoyi ndi yolemetsa ndiponso yotopetsa, ndipo asilikali amene adatumizidwa kudzathandiza m'wodimo sankaona chifukwa chake, choncho Guttmann ankatulukira pakati pa usiku mosayembekezereka kudzaona ngati odwala atembenuzidwa, mpaka pamene zilonda zakale zidayamba kupola ndipo ogwira ntchitowo adakhulupirira ndi maso awo.

Phunziro lachiwiri, la chikhodzodzo, ndi limene lidasintha kwambiri maganizo a madokotala pa za ulemu wa ntchito yawo. Mwambo wa nthawiyo udali woboola pamimba pamwamba pa chinena ndi kusiya paipi m'chikhodzodzo mpaka kalekale, njira imene inkalowetsa tizilombo tokwera mpaka ku impso. Guttmann adatsata njira yolowetsa katheta, kamene ndi kapaipi kofewa kotulutsira mkodzo, kangapo pa tsiku n'kukachotsa nthawi yomweyo mkodzo ukatha, kuti chikhodzodzo chizidzaza ndi kukhuthuka monga chimachitira mwachibadwa. Adaumirira kuti kwa wovulala watsopano ntchitoyi aziichita ndi dokotala mwiniwake, atasamba m'manja ndi kuvala ngati akupita ku opaleshoni, akugwira kapaipiko ndi zopanira osati ndi zala. Dokotala wachinyamata wobwera ku Stoke Mandeville ndi malingaliro a opaleshoni zikuluzikulu ankadzipeza akudzuka m'bandakucha kukatulutsa mkodzo wa odwala bedi ndi bedi, akuuyang'ana pa kuwala ngati wayera kapena wachita matope, ndi kulemba kuchuluka kwake. Mankhwala a penisilini, amene adayamba kupezeka pa nthawi yomweyo, adathandiza kwambiri, ndipo si chilungamo kuiwala zimenezo. Koma zipatala zina zidali nawonso mankhwalawo ndipo odwala awo adapitirira kufa.

Kukhala pafupi ndi odwala chotere kudabala nzeru zimene sizikadapezeka mwa njira ina. Mu 1947 Guttmann ndi David Whitteridge adafotokoza vuto limene lero limatchedwa autonomic dysreflexia, limene limagwira anthu ovulala kumtunda kwa msana, kuyambira pa fupa lachisanu ndi chimodzi la pachifuwa kupita m'khosi: chikhodzodzo chikadzaza kwambiri, kapena chimbudzi chikauma m'matumbo, magazi amathamanga mwadzidzidzi kufika poopsa, mutu umawawa ngati ukung'ambika, nkhope imatuluka thukuta, pamene mtima ukugunda pang'onopang'ono. Dokotala wosaphunzitsidwa amagoneka wodwalayo ndi kuthamangira mankhwala a mutu, ndipo akhoza kumutaya; wophunzitsidwa amamukhazika tsonga, kumasula zovala zothina ndi kufufuza ngati kapaipi kapindika kapena katsekeka, ndipo kawirikawiri vutolo limatha mkodzo ukangotuluka. Chitsanzo chimodzichi chikukwanira kusonyeza chifukwa chake maphunziro wamba a udokotala sakwanira pa odwala amenewa, popeza thupi lawo limaonetsa matenda m'njira yosiyana ndi imene mabuku ambiri amafotokoza, ndipo ngakhale chotupa cha m'mimba chikhoza kuphulika munthu osamva kuwawa.

Guttmann sankaona kupulumutsa moyo ngati mathero a ntchito. Wodwala akangotha kukhala tsonga ankayamba mafizo olimbitsa mapewa ndi mikono, kuphunzira kuchoka pabedi kupita pa njinga yake ya anthu aulumali popanda womunyamula, ndi kuphunzira ntchito yamanja monga ukalipentala kapena kukonza mawotchi, pakuti cholinga chidali chakuti atuluke m'chipatala ali munthu wodzipezera yekha chakudya. Masewera adalowa m'wodimo ngati mbali ya chithandizo, makamaka kuponya mivi ndi uta, kumene kumalimbitsa minofu yeniyeni imene munthu wa panjinga amadalira. Pa 29 Julaye 1948, tsiku limene masewera a Olympic ankatsegulidwa ku London, anthu 16, amuna 14 ndi akazi awiri, adapikisana pa kuponya mivi pa bwalo la chipatalacho. Mu 1952 kudabwera gulu lochokera ku Netherlands, ndipo mu 1960 ku Rome kudasonkhana opikisana pafupifupi 400 ochokera m'maiko 23, m'masewera amene pambuyo pake adawerengedwa kukhala a Paralympic oyamba. Mbali imene sikambidwa kawirikawiri ndi yakuti gulu lililonse linkabwera ndi madokotala ake, ndipo masewerawo adasanduka msonkhano wa chaka ndi chaka wa anthu a ntchitoyi. M'menemo ndi mmene mudabadwira, mu 1961, bungwe la International Medical Society of Paraplegia, limene lero limatchedwa International Spinal Cord Society, ndipo magazini yake ya kafukufuku, Paraplegia, idayamba kutuluka mu 1963.

Njira yophunzitsira idali ya mmisiri ndi wophunzira wake: dokotala ankabwera kudzakhala miyezi m'wodi, kutsata Guttmann poyendera odwala, kufunsidwa mafunso pamaso pa anzake, kenaka kubwerera kwawo kukatsegula wodi yofanana nayo. Yutaka Nakamura wa ku Japan adafika mu 1960, ndipo atabwerera adalimbikitsa masewera a ku Tokyo a 1964 ndi kukhazikitsa mu 1965, ku Beppu, malo otchedwa Taiyo no Ie kumene anthu aulumali amagwira ntchito za m'fakitale. Antonio Maglio, amene ankayendetsa malo a ovulala msana ku Ostia ku Italy, ndiye adakoka masewera a 1960 kupita ku Rome. Ku Australia, George Bedbrook adatsegula wodi yake ku Perth mu 1954, ndipo iyonso idasanduka sukulu ya ena. Nkhani ya Mary Verghese wa ku India ndi yapadera, chifukwa iyeyu adali dokotala wachitsikana ku Vellore pamene adavulala msana pa ngozi ya galimoto mu 1954. Adaphunzira opaleshoni ya manja a anthu akhate pansi pa Paul Brand akugwira ntchito ali pa njinga, adapita ku Perth kukaphunzira kudzisamalira, kenaka ku New York kukaphunzira udokotala wa nthambiyi, ndipo mu 1966 adatsegula ku Vellore malo ophunzitsira ovulala kudzidalira. Kuti madokotala omwazikanawa azimvana, Hans Frankel wa ku Stoke Mandeville ndi anzake adafalitsa mu 1969 njira yogawira ovulala m'magulu asanu, kuyambira A, amene sakumva kapena kusuntha chilichonse kumunsi kwa bala, mpaka E, amene mitsempha yake ili bwino, ndipo muyeso umene madokotala amaphunzira lero padziko lonse udamangidwa pa maziko amenewo.

Sukulu yomangidwa pa munthu mmodzi ili ndi zofooka zake, ndipo ya Guttmann idali nazo. Odwala ake ankamutcha Poppa, dzina la chikondi lotanthauza bambo, koma adali bambo wosafuna kutsutsidwa, ndipo madokotala ambiri aluso adavutika kugwira naye ntchito. Adakana kwamtuwagalu opaleshoni yolumikiza mafupa a msana ndi zitsulo, akukhulupirira kuti kugoneka wodwala moyenera pa mapilo kwa masabata angapo kumawongola fupa popanda ngozi, pamene Frank Holdsworth wa ku Sheffield, amene ankathandiza anthu a m'migodi ya malasha, ankaona kuti msana wogwedezeka uyenera kumangidwa. Mkanganowo udatenga zaka zambiri, ndipo lero zipatala zambiri zimachita opaleshoni msanga, ngakhale kuti zotsatira za njira yosachita opaleshoni zidali zabwino kuposa mmene otsutsa ake ankayembekezera. Kusintha kwina kudachokera kwa Jack Lapides wa ku University of Michigan, amene mu 1972 adasonyeza kuti wodwala akhoza kudzilowetsa yekha katheta kunyumba atangosamba m'manja ndi sopo, malinga ngati akuchita zimenezo pafupipafupi kuti chikhodzodzo chisadzaze mopitirira. Zimenezi zidachotsa kapaipi m'manja mwa dokotala n'kukaika m'manja mwa mwini thupi, ndipo kuyambira pamenepo dokotala wa ntchitoyi adayenera kuphunziranso luso lophunzitsa, kuphatikizapo kukamba momasuka za chimbudzi, za m'banja ndi za kubereka, nkhani zimene odwala ankazifunsa kale koma osapeza woyankha.

Ku America maphunzirowa adatsata njira ya mayeso ndi masatifiketi. Frank Krusen adayambitsa mu 1936, pa Mayo Clinic, maphunziro a zaka zitatu a madokotala ochiza ndi mafizo, kutentha ndi magetsi, ndipo Howard Rusk, amene pa nkhondo yachiwiri adakonza dongosolo lobwezeretsa mphamvu asilikali a ndege, adakhazikitsa ku New York University malo amene Mary Verghese adadzaphunzirako. Bungwe loyesa madokotala ochiza ndi mafizowa lidakhazikitsidwa mu 1947, koma padapita zaka pafupifupi 50 kuti chisamaliro cha ovulala mtsempha wa mumsana chivomerezedwe ngati ukatswiri pawokha, zimene zidachitika mu 1995, ndipo mayeso ake oyamba adalembedwa mu 1998. Njira imeneyi ili ndi ubwino wakuti sidalira moyo kapena khalidwe la mphunzitsi mmodzi, koma imafuna chuma ndi zipatala zambiri zophunzitsiramo, ndipo n'chifukwa chake siinafike kumene ovulala ali ochuluka.

Mu 2013 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti chaka chilichonse anthu apakati pa 250,000 ndi 500,000 amavulala mtsempha wa mumsana padziko lonse, ambiri mwa iwo pa ngozi za pamsewu, kugwa kuchokera pamwamba ndi chiwawa, ndipo lidanena kuti m'maiko osauka zilonda za pogona ndi matenda a mumkodzo zikadali kupha anthu amene akadapulumuka. M'maiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara madokotala a nthambi imeneyi ndi owerengeka, kotero kuti funso la amene ayenera kuphunzitsidwa layankhidwa mosiyana ndi ku Ulaya. Ku Botswana, bungwe la Spinalis la ku Sweden lidagwirizana ndi boma kutsegula wodi ya ovulala msana pa chipatala cha Princess Marina ku Gaborone, kumene ogwira ntchito a m'dzikomo adaphunzitsidwa pa bedi la wodwala monga zidalili ku Stoke Mandeville. Ku Malawi, wothyoka msana wofika pa chipatala cha boma amayamba kuonedwa kawirikawiri ndi kiliniko ofesa wa mafupa, gulu la ogwira ntchito limene lidayamba kuphunzitsidwa m'dzikoli mu 1985 pofuna kudzaza mpata wa madokotala a mafupa, ndipo ena mwa opulumuka amatumizidwa ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre kukaphunzira kudzidalira. M'mawodi otere anamwino ndi ochepa kwambiri moti sangathe kutembenuza wodwala maola awiri alionse, ndipo ntchito imene asilikali a Guttmann ankagwira usiku imagwera wodwazika matenda, amene nthawi zambiri amakhala mayi, mkazi kapena mlongo wogona pa mphasa pansi pa bedi. Amene akuphunzitsa madokotala ndi makiliniko ofesa m'malo ngati amenewa ayenera kuwaphunzitsa kuyang'ana chidendene ndi chiuno cha wodwala paulendo uliwonse woyendera wodi, ndiponso kuonetsa wodwazikayo, m'chiyankhulo chake ndi manja ake ali pa thupi la m'bale wake, mmene angamutembenuzire msana uli wowongoka, pamene angaike pilo, ndi chimene ayenera kukanena msanga akaona kadontho kofiirira kapena mkodzo wachita matope.